Phewa likawawa kapena likaguluka, chitani izi motsatana

Ndimagwira ntchito ya physio kuno ku Chipata, ija yothandiza anthu kuti ziwalo zibwerere m'chimake akavulala, ndipo sabata siitha osandiimitsa munthu, kaya pamsika wa Kapata, kaya potuluka m'tchalitchi, kaya pa WhatsApp usiku, ati phewa langa likuwawa nditani. Anyamata anjinga, azimayi a pa Saturday Market, alimi ochokera ku Chadiza ndi ku Katete, funso ndi lomwelo. Ndiye ndati ndilembe kamodzi kuti wondifunsa ndizingomutumizira. Kupimidwa kuchipatala kukufunikabe, koma apa mudziwa nthawi yothamanga, nthawi yodikira, makamaka zochita chitenge chogonekamo mkono wovulala chikachoka m'khosi, chifukwa ndi pamenepo anthu ambiri amatisowa ndipo mkono umaumira pomwepo.

1. Gwirani phewa lanu, mudziwe zili m'kati

Ikani chala m'munsi mwa khosi, mupeza fupa lopingasa lopita chakuphewa. Limenelo achipatala amati clavicle. Litsatireni mpaka lithe, mufika pa kachitunda kolimba pamwamba penipeni pa phewa, apo lakumana ndi nsonga ya fupa lachiwiri, lija la kumsana looneka ngati khasu, scapula. Polumikizana pamenepo amati AC joint, tipapezanso kutsogoloku. Lachitatu ndi fupa la mkono wakumtunda, humerus, lochokera pachigongono, ndipo mutu wake ndi wobulungira.

Nkhani yonse yagona pa mmene mutu wobulungirawu unakhalira. M'chiuno fupa la ntchafu linalowa m'dzenje lakuya ngati munsi mu mtondo, n'chifukwa chake chiuno sichiguluka wamba. Paphewa kambale kamene mutu uja wakhalapo n'kakang'ono komanso kosazama, zili ngati mtsuko wamadzi pamutu pa mayi. Pali kankhata kozungulira kambaleko, dzina lake labrum, kothandiza kuti mtsuko ukhazikike, koma chougwiriziza kuti usagwe ndi manja, ndipo manja ake ndi minyewa 4 yokuta mutu wa fupa: supraspinatus pamwamba, infraspinatus ndi teres minor kumbuyo, subscapularis kutsogolo. Yonse pamodzi ndiye rotator cuff mumamva adotolo akutchula ija. Mnofu waukulu ukuoneka kunjawu ndi deltoid, uli ndi mphamvu zokweza mkono, koma popanda inayi yam'katiyi mtsuko umatsetsereka. Pakati pa minyewayi ndi fupa la pamwamba pali kathumba kamadzi kotchedwa bursa koteteza kuti zisamakhulane. Kapangidwe kameneka ndi kamene kamatilola kutambasula mkono mbali zonse, ndi komwekonso kamachititsa kuti pa mfundo zikuluzikulu za thupi, phewa ndilo limaguluka kawirikawiri.

Mawu awiri amatisokoneza pokambirana. Loyamba ndi mtsempha. Kwathu kuno mtsempha ndi wamagazi, ndi womwewo wochititsa dzanzi, ndi womwewonso chingwe cholimba chija chimatikanika kutafuna mu nyama ya ng'ombe. Ine ndikati tendon ndikukamba chingwe chimenechi, cholumikiza mnyewa ku fupa. Lachiwiri ndi nyamakazi, timangoyitchula paliponse pakawawa, koma mapewa ambiri amene ndimaona vuto limakhala tendon, fupa lili bwinobwino.

2. Onani kaye ngati ndi phewa zoona

Apa musadumphe chonde. Pali matenda ena amene ululu wake umamvekera kuphewa pamene phewalo lilibe kanthu, ndipo ena mwa iwo amapha tsiku lomwelo. Chizindikiro chake nthawi zambiri n'chakuti mkono mukuuzunguza bwinobwino koma kuwawa sikusintha.

Phewa lakumanzere kapena mkono wakumanzere ukuwawa, chifuwa chathina ngati mwaikidwa thumba la chimanga, thukuta likutuluka, mpweya ukuchepa, umenewo ungakhale mtima, makamaka kwa odwala BP kapena shuga. Pezani galimoto mupite nthawi yomweyo. Mayi amene wadumphitsa kumwezi, m'mimba mukupweteka mbali imodzi, nsonga ya phewa ikuwawa komanso chizungulire, ingakhale mimba yokhala kunja kwa chiberekero ndipo magazi akutayikira m'kati. Munthu wagwa pa honda kapena wamenyedwa ndi ng'ombe kunthiti zakumanzere kenako phewa lakumanzere layamba kuwawa, kapamba angakhale atang'ambika. Phewa lakumanja kuwawa pamodzi ndi pansi pa nthiti zakumanja mutadya zamafuta, ndulu. Phewa latupa, latentha, thupi nalonso latentha, mungakhale mafinya m'kati mwa mfundo ndipo sizidikira mawa. Ndipo ngati ululu ukuchokera m'khosi kutsika ngati magetsi mpaka kuzala, ndi dzanzi, vuto limakhala m'khosi, kupaka mankhwala paphewa n'kutaya ndalama.

Ngati palibe chimodzi mwa izi, pitirizani.

3. Kodi munagwa, kapena zinayamba zokha?

Ndilo funso langa loyamba kwa aliyense. Ngati munagwa kapena kugundidwa, vulani malaya muime pagalasi kapena wina akujambuleni pafoni mapewa onse awiri, mufananitse.

Phewa loguluka limasintha maonekedwe. Kubulungira kuja kumatha, limaoneka lakona, pansi pa kachitunda ka pamwamba pamalowa m'kati, munthu amagwirizira mkono ndi dzanja linalo ndipo salola kuti muukhudze. Pafupifupi nthawi zonse mutu wa fupa umathawira kutsogolo, ndipo zimachitika mkono uli m'mwamba chakumbuyo, monga golokipa pogwira bola kapena munthu wogwa atagwira nthambi ya mango. Kuthawira kumbuyo sikuchitikachitika, koma kumaoneka kwa munthu amene wagwa khunyu kapena wagwidwa ndi magetsi, ndiye wakhunyu akadandaula phewa atatsitsimuka musamunyalanyaze.

Clavicle yothyoka ndi ya anyamata anjinga ndi ana ogwa mumtengo. Imakonda kuthyoka chapakati, pamatupa, mukagwira pamawawa malo amodzi ndipo nthawi zina mumamva kukhukhuluza. Ngati chotupa chili kumapeto kwenikweni pamwamba pa phewa, ngati kasitepe, ndi AC joint ija yatanuka chifukwa chogwera pansonga ya phewa. Agogo akagwa pabafa kapena pamatope n'kulephera kukweza mkono, kenako mkono wonse wada ndi magazi ogwirana mpaka chakuchigongono, ganizirani kuti humerus yathyoka chakumtunda, mafupa a akuluakulu sachedwa.

Pali kwinanso kumene X-ray siionetsa. Munagwa, fupa ndi labwino, koma masabata awiri apita mkono sukukwera wokha, wina akaukweza ukukwera koma akausiya ukugwa. Apo tendon ya rotator cuff ingakhale itaduka, ndipo zikakhala choncho kuchedwa kumaononga chifukwa tendon yoduka imafupika. Kwa munthu wopitirira zaka 40 amene phewa linaguluka, izi zimayendera limodzi kambiri.

Ngati simunagwe, zinangoyamba pang'onopang'ono, nthawi zambiri ndi ziwiri izi. Choyamba ndi kutupa kwa tendon kapena bursa chifukwa cha ntchito yobwerezabwereza, kulima, kusinja, kupulasitala, kukweza matumba a fetereza a 50kg pangolo. Kwezani mkono chakumbali pang'onopang'ono. Poyamba sipawawa, mukafika chapakati, mkono ukamayandikira kulingana ndi phewa, pamabaya, mukapitirira m'mwamba pamachepa. Usiku kugonera mbali imeneyo sikutheka. Chachiwiri ndi phewa louma, achipatala amati frozen shoulder. Limakonda anthu a zaka 40 mpaka 60, azimayi kwambiri, ndiponso odwala shuga. Kusiyana kwake n'kwakuti olo munthu wina ayese kukukwezerani mkono, umakana, wafika pakhoma. Yesani izi: zigongono zigunde m'nthiti, manja kutsogolo ngati mwanyamula thireyi, ndiye tsegulani manja kunja. Mbali youma siitseguka. Limayamba ndi kuwawa, kenako kuuma, kenako kumasuka, ndipo ulendo wonsewu ungatenge chaka chimodzi mpaka zitatu. Aliyense amene ndamupeza nalo ndimamuuza akapimitse shuga, ena amadziwira pomwepo kuti ali nayo.

4. Masiku awiri oyamba

Musakoke. Ndikubwereza, musalole munthu akoke. Ndinaonapo mnyamata wina atavulala pa bola pagiraundi ya mukomboni, anzake anamugoneka pansi, wina anaponda m'khwapa ndi nsapato n'kukoka mkono katatu konse, mwachikondi ndithu, akufuna kumuthandiza. Anafika kwa ife patapita masiku atatu, phewa likadali kunja, fupa litathyokanso kachidutswa, khungu la kunja kwa mkono lili dzanzi. Pafupi ndi mutu wa fupa pamadutsa mtsempha wotchedwa axillary nerve, umene umapatsa mphamvu deltoid, ndipo ndi maso simungadziwe ngati laguluka chabe kapena lathyokanso. Kubwezera ndi ntchito ya kuchipatala, kumene amapatsa mankhwala ofewetsa minyewa, ndipo mukafika msanga kumakhala kosavuta kusiyana ndi mawa lake.

Chochita ndi ichi. Tengani chitenge, pindani pakona kuti chikhale cha nsonga zitatu, mkono ugonemo chigongono chitapindika, dzanja likhale chokwererako pang'ono kuposa chigongono, mangani mfundo pambali pa khosi osati pafupa la kumbuyo. Ngati phewa laguluka ndipo mkono ukukana kufika pathupi musaukakamize, ikani pilo kapena juzi yopindika pakati. Vulani mphete ndi zibangili zala zisanatupe. Onani zala, ngati zazizira, zatuwa kapena sizikumva, uku ndi kuthamanga. Ndipo ngati mukuganiza kuti laguluka kapena lathyoka musadye nsima kaye popita, mwina adzafuna kukugonetsani.

Kuthowa ndi madzi otentha tsiku loyamba kumawonjezera kutupa. Ikani chozizira, ayisi kapena ma freezit okulunga m'kansalu, mphindi 15 mpaka 20, kangapo patsiku. Malaiti akapita nsalu yonyowa ndi madzi a mumtsuko ikuthandizaniko. Zotentha zimabwera pakadutsa masiku awiri kapena atatu, ndipo kwa phewa louma n'zabwino musanayambe mafizo. Za mphini ndikamba mwaulemu chifukwa ndi makolo athu amatitemera, koma tendon ili m'kati, lumo silifikako, chimene limasiya ndi chilonda pamalo otupa kale, ndipo ngati pafunika opaleshoni chilondacho chimachedwetsa.

Mankhwala: munthu wamkulu atha kumwa paracetamol wa 500mg mapilisi awiri pa maola 6 aliwonse, osapitirira 8 patsiku. Brufen kapena diclofenac amathandiza kutupa koma sankhani mmodzi, osaphatikiza, mumwe mutadya, ndipo ngati muli ndi zilonda zam'mimba, vuto la impso, BP kapena muli ndi pakati funsani kaye achipatala. Ndimaona anthu akumwa diclofenac wa pakantemba miyezi yathunthu kuti apitirize kulima, impso sizikondwera nazo zimenezo.

5. Kuchipatala mukanene chiyani

Yambirani kukiliniki yapafupi, akaona kuti pafunika X-ray akutumizani ku Chipata Central, a ku Katete ku St Francis, a chakumalire ku Mwami. Fotokozani mmene munagwera, mkono unali kuti, ngati linagulukapo kale komanso kangati, ngati pali dzanzi, ndi matenda ena amene muli nawo. Kumbukirani kuti X-ray imaona mafupa, tendon imaoneka pa sikani ya ultrasound kapena MRI, ndiye akakuuzani kuti fupa lili bwino koma mkono sukukwerabe pakatha masabata awiri, bwererani mukanene.

Musatuluke musanafunse mafunso atatu awa: chitenge ndivale mpaka liti, ndi chiyani chimene sindiyenera kuchita, ndipo kwa a physio ndipite tsiku liti. Ena amakhumudwa kuti sanawaike chikhakha. Clavicle nthawi zambiri imapola m'chitenge momwemo, ana masabata 3 mpaka 6, akulu 6 mpaka 12, ndipo kachotupa kotsala pamalopo ndi fupa latsopano.

6. Chitenge chikachoka, apa ndiye pali ntchito

Anthu amaganiza kuti phewa likabwezedwa kapena fupa likagwirana nkhani yatha. Mayi wina wa chakumudzi anabwera kwa ine atasunga mkono m'chitenge miyezi iwiri chifukwa amaopa kuti akaugwedeza uguluka. Kuvulala kunali kutapola kalekale, koma samatha kumanga duku, samatha kufikira kumbuyo kuti abereke mdzukulu, mtsikana wake ndiye amamuveka bulauzi. Tinatenga miyezi yambiri kubweza zimene zikanatetezedwa ndi mphindi zochepa patsiku. Phewa likangokhala osayenda limauma msanga, makamaka kwa akuluakulu. Kwa phewa loguluka chitenge nthawi zambiri ndi sabata imodzi mpaka atatu basi, kwa lothyoka tsatirani zimene adotolo anena ndipo musayambe zotsatirazi asanakuloleni.

Mukadali m'chitenge, katatu patsiku tulutsani mkono, wongolani chigongono ndi kupinda, zunguzani dzanja, finyani kansalu. Mapewa muziwabweza kumbuyo pang'ono ngati mukufuna makasu awiri a kumsana aja ayandikane.

Gawo loyamba ndi kulendewetsa. Weramani, dzanja labwino ligwire tebulo, mkono wovulala ulendewere wokha ngati chingwe cha pachitsime, ndiye gwedezani thupi kuti mkono uziyenda kutsogolo ndi kumbuyo, kenako mozungulira timizere ting'onoting'ono. Minyewa ya phewa isagwire ntchito, likuyendetsa ndi thupi. Mphindi imodzi kapena ziwiri, katatu patsiku.

Gawo lachiwiri, mkono wabwino uthandize wodwala. Khalani patebulo, ikani dzanja pakansalu, tsetserezani kutsogolo mukuwerama, bwererani. Kenako gonani chagada pamphasa, gwirani mpini wa khasu wopanda khasu lake ndi manja onse, kwezani kupita kumutu, wabwino ndiye ukukankha. Mukafika pamene pakukoka imani, werengani mpaka 10, tsitsani. Chitani ka 10. Kugona chagada n'kofunika chifukwa mukaima anthu ambiri mumabera, mumakweza phewa lonse kufika kukhutu kapena kupinda msana n'kumati mkono wakwera. Zikayamba kuyenda imani moyang'ana khoma, zala zikwere pang'onopang'ono ngati buluzi, lembani ndi khala pamene mwafika. Sabata yamawa mulembenso. Timizere ta makala timeneti ndi timene timalimbitsa mtima, chifukwa tsiku ndi tsiku simuona kusintha koma pakhoma pamaoneka.

Gawo lachitatu ndi limene pafupifupi aliyense amalisiya, kulimbitsa manja aja ogwira mtsuko, minyewa 4 ya rotator cuff. Yambani osasuntha mkono: chigongono m'nthiti chitapindika, kankhani khoma ndi kumbuyo kwa dzanja masekondi 5, pumulani, ka 10, kenako tembenukani mukankhe ndi chikhatho. Mphamvu yake theka chabe. Pakatha sabata kapena awiri zikuyenda popanda kubaya, dulani chubu chakale cha njinga, aja timati malegeni, mangani pachitseko molingana ndi mchombo. Ikani kathawulo kopinda m'khwapa, chigongono chisachoke m'nthiti, kokerani dzanja kunja pang'onopang'ono ndipo pobwerera musalole mphira ukukokeni, bwererani mochedwa kuposa popita. Ka 10 mpaka 15, maulendo atatu, kenako kukokera m'kati chakumimba chimodzimodzi. Malizani ndi kukoka mphira ndi manja onse chakwa inu, zigongono zikupita kumbuyo, makasu a kumsana akuyandikana. Kathawulo kakagwa dziwani kuti mwayamba kubera. Anyamata amanyoza zimenezi ati n'zopepuka, amathamangira mapushapu ndi zitsulo zasimenti, deltoid imakula koma yam'kati ikadali yofooka, phewa n'kugulukanso. Ndipo kwa amene linaguluka koyamba asanafike zaka 25, kubwereza n'kofala kwambiri, ndiye gawo ili ndi lawo kuposa wina aliyense.

Nanga kuwawa? Ili ndiye funso limene limabwera sabata yachiwiri. Kukoka ndi kuwawa pang'ono kumene mungapirire uku mukucheza n'kololedwa. Kubaya ngati singano, kapena kumva ngati fupa likufuna kutuluka, siyani pomwepo. Muyeso wake ndi m'mawa mwake, mukadzuka phewa lili monga dzulo kapena bwinoko pitirizani, likakhala loipirapo munachita mopitirira, chepetsani ndi theka koma osasiyiratu. Kwa phewa louma limene lili pa nthawi yowawa kwambiri musalimbane nalo, kulikakamiza kumalikwiyitsa, yendetsani mofatsa mpaka ululu wausiku utachepa, ndipo ngati tulo sitikubwera kambiranani ndi adotolo za jekeseni ya m'phewa.

Amene linaguluka kutsogolo, kwa masabata 6 oyamba pewani kuika mkono m'mwamba chakumbali n'kuubweza kumbuyo, monga poponya mwala kapena kutenga katundu pakaliyala ya njinga muli chokhala. Povala malaya yambani ndi mkono wodwala, povula umalizire. Pogona gonani chagada kapena mbali yabwino, mutakumbatira pilo kuti mkono usagwere kutsogolo.

7. Kubwerera kumunda, panjinga ndi pabola

Ndikudziwa kuti mvula siidikira phewa la munthu, ndipo wanjinga akakhala pakhomo ana sadya. Koma bwererani mwa magawo. Yambani ndi ntchito za pansi pa phewa, kupalira pang'ono, kusenda nshawa, katundu wopepuka wonyamulira pafupi ndi thupi. Zokweza pamwamba pa mutu, thumba pangolo kapena ndowa yodzaza kuitwika nokha, zibwere pomaliza ndipo poyamba muzithandizana awiri. Khasu muzisinthira mbali, ndipo ndi bwino kulima maola awiri tsiku lililonse kusiyana ndi tsiku lathunthu kenako sabata yogona.

Wanjinga ayambe wayenda yekha pamalo osalala asananyamule munthu, chifukwa mabampu onse amathera m'mapewa, ndipo ngati clavicle inathyoka adikire adotolo atsimikize kuti yagwirana. Wabola amene phewa linaguluka nthawi zambiri amafunika miyezi itatu kapena kuposa, ndipo ndisanamulole ndimafuna mkono uzifika paliponse pamene unzake ukufika, mphamvu zikhale zofanana, komanso ndikauika m'mwamba chakumbuyo nkhope yake isasinthe ndi mantha. Likagulukanso kachiwiri kapena kachitatu, olo muzitha kulibweza nokha, nkhata ija ya m'phewa, labrum, ingakhale inang'ambika, pemphani kuti akutumizeni kwa dotolo wa mafupa. Malegeni aja musawamasule pachitseko, pitirizani kawiri kapena katatu pasabata kwa miyezi ina itatu ululu utatha.